Dzina la Mavuto landikwana: kodi boma lingandilole kulisintha?

Funso

Ndine bambo wa zaka 31. Kwathu ndi ku Namwera koma ndimagwira ntchito pagolosale ina ku Mangochi boma. Dzina langa loyamba ndi Mavuto. Mayi anandipatsa dzinali chifukwa ndinabadwa atataya ana awiri motsatizana. Chiyambire sindinalikondepo. Kwa zaka zambiri tsopano anzanga, akuntchito ndi akazi anga amanditchula kuti Limbani, ndipo ndilo dzina lomwe ndimalimva kuti ndi langa. Koma pachiphaso cha unzika, pasatifiketi ya MSCE, papasipoti ndi kubanki palembedwa Mavuto. Sindinapalamule mlandu ndipo sindikuthawa ngongole, dzinali langondikwana basi. Mnzanga wina akuti ndingopita kukhothi kukalumbira pamaso pa majisitireti, nkhani yatha. Wina akuti akudziwa munthu amene angandithandize kulembetsa chiphaso chatsopano ngati kuti sindinalembetsepo. Ndili ndi mwana mmodzi wa sitandade 3 yemwe dzina lake lomalizira ndi Mavuto, kutengera ine. Chaka chamawa ndikufuna kukayesa mwayi ku Joni. Mayi ali moyo koma sindinawauze. Kodi kungodana ndi dzina ndi chifukwa chokwanira? Nanga ndiyambire pati?

Yankho

A Limbani, ndikutchulani choncho poti ndilo dzina lomwe mumalimva kuti ndi lanu. Inde, munthu wamkulu angathe kupempha boma kuti limulole kusintha dzina ngakhale chifukwa chake chili chongoti dzina lakalelo limamulemera mumtima. Simukusowekera nkhani yoopsa kuti akumvereni. Koma pa malangizo awiri omwe anzanu akupatsani, oyambawo ndi operewera, ndipo achiwiriwo angakugonetseni m'chitokosi.

Kusintha dzina si kwachilendo kuno kwathu. Mnyamata akatuluka ku jando, akuluakulu ankamupatsa dzina latsopano, ndipo kumutchula la paubwana kunali kumunyoza. Mtsikana akakula amasanduka Abiti uje, akabereka amasanduka make uje, mpaka adzukulu kukula osadziwa n'komwe dzina lomwe agogo awo anabadwa nalo. Wina amalandira dzina pobatizidwa, wina polowa Chisilamu, wina amapatsidwa ndi asodzi anzake kudooko n'kumukanirira moyo wonse. Malemu Bingu wa Mutharika, amene analamula dziko lino kuyambira 2004 mpaka 2012, anakula akudziwika ndi dzina la Thom, ndipo mayina omwe ife tinawadziwa nawo anawatenga ali wamkulu kale. Ngakhale tauni yomwe mukugwiramo ntchitoyo inkatchedwa Fort Johnston, anaisintha ufulu utabwera. Ndiye musadzione ngati mukufuna chinthu chochititsa manyazi.

Chomwe chalimba masiku ano ndi mapepala. Kale munthu ankatha kukhala ndi dzina lina kumudzi, lina kusukulu, lina kuesiteti ya fodya, osaona vuto. Chichitikireni kalembera wa unzika wa mu 2017, pomwe bungwe la NRB, lomwe limapereka ziphaso za unzika, linalemba Amalawi oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'mwamba, dzina la munthu linamangiriridwa ku nambala imodzi, chithunzi chimodzi ndi zidindo za zala zake. Banki, simukhadi, pasipoti, kalembera wa zisankho, feteleza wotsika mtengo, Mtukula Pakhomo, zonsezi zimayang'ana khadi limenelo. Kunyumba ndi kugolosale mukhoza kutchedwa Limbani mpaka kukalamba, palibe wapolisi angakumangeni. Vuto limayamba tsiku lomwe mwalemba Limbani pafomu yomwe ikufuna dzina la pachiphaso.

Lamulo loyang'anira nkhaniyi ndi lakale ndithu, m'Chingerezi limatchedwa Change of Name Restriction Act. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti munthu sangangodzuka n'kuyamba kugwiritsa ntchito dzina lina pa zinthu za boma ndi za malamulo asanapatsidwe chilolezo. Chilolezocho sichichokera kwa majisitireti, kwa mfumu kapena ku NRB. Pempho limapita ku ofesi ya mtsogoleri wa dziko ndi nduna zake, yomwe ambiri amangoti OPC, ku Capital Hill ku Lilongwe, ndipo kwa munthu wokhala m'boma ngati lathu lino khomo lolowera ndi ofesi ya bwanamkubwa. Anthu ena amadandaula kuti bwanji dzina langa lomwe ndichite kupempha. Ine ndimaliona lamuloli kuti lili ndi nzeru. Dzina lanu amadalira anthu ena ambiri: amene anakukongozani ndalama, amene anakugulitsani malo, mayi wa mwana wanu, khothi lomwe lingakuitaneni ngati mboni. Boma limafuna kutsimikiza kuti munthu sakuvula dzina pofuna kuzemba anthu amenewa. Inu mwanena kuti mulibe chothawa, ndiye kufufuza kumeneku kusakuopseni.

Tsopano za mnzanu woyamba uja. Kalata yolumbira, yomwe kukhothi amati afidaviti, ndi mawu anu omwe mwawanena molumbira pamaso pa majisitireti kapena loya wololedwa kulumbiritsa anthu. Chidindo chomwe amaikapo chimangotsimikiza kuti munabwera, munalumbira ndipo munasaina. Sichikutanthauza kuti khothi lagamula kuti dzina lanu lasintha. Anthu ambiri amatuluka pakhothi ali nyadu nyadu ndi pepala lachidindo chofiira, n'kulunjika kubanki. Kalaliki wapakauntala amalilandira, n'kuliwerenga, n'kulitembenuza kumbuyo, kenako n'kufunsa kuti, "Chiphaso chanu chili kuti, bambo?" Pachiphasopo pali Mavuto, ndipo akaunti imakhalabe ya Mavuto. Kalalikiyo sanalakwe. Afidavitiyo ili ndi ntchito yake: ingakhale imodzi mwa mapepala operekeza pempho lanu, komanso imathandiza pofuna kutsimikiza kuti mayina awiri olembedwa mosiyana pang'ono ndi a munthu mmodzi. Payokha siyingasinthe dzina pachiphaso cha unzika.

Apa ndiyenera kupatula zinthu ziwiri zomwe anthu a kuno amazisokoneza kwambiri. Kukonza cholakwika ndi nkhani ina, kusintha dzina ndi nkhani inanso. M'boma lino tili ndi mayina ambiri omwe amalembedwa mosiyanasiyana: Saidi, Sayidi ndi Saidy, Yusufu ndi Yusuf, Asiyatu ndi Asiatu. Kalaliki wakusukulu analemba mwina, wakuchipatala mwina, wa kalembera wa 2017 mwinanso. Munthu amene dzina lake linalakwika polemba amapita ku ofesi ya NRB ya m'boma lake ndi umboni wosonyeza kalembedwe koyenera, n'kupempha kuti akonze. Inu nkhani yanu si imeneyo. Palibe kalaliki analakwitsa. Mavuto ndi dzina lanu lenileni lomwe mayi anakupatsani, ndipo mukufuna kulisiya. Musayese kupita ku NRB n'kukanama kuti analemba molakwika, chifukwa satifiketi ya MSCE ndi pasipoti zidzakutsutsani pomwepo.

Za mnzanu wachiwiriyo ndikhalapo pang'ono, chifukwa ndi pomwe anthu amagwera m'dzenje. Madobadoba omwe amaima pafupi ndi maofesi a boma amalonjeza zambiri. Akuti mupite kudera lina, mukapeze mfumu yoti ikudindireni fomu, mukalembetse ngati munthu amene sanalembetsepo. Ganizani bwino zomwe zimachitika pamenepo. Mukafika pamakina ajambula nkhope yanu ndi kutenga zidindo za zala zanu, zala zomwezo zomwe zili kale m'kaundula pansi pa dzina la Mavuto. Makinawo anawapangira ntchito imeneyo, yogwira munthu wolembetsa kawiri. Akakugwirani, khadi latsopanolo silituluka, lakale lija limalowanso m'mafunso, ndipo kupereka mbiri yabodza polembetsa ndi mlandu pansi pa lamulo la kalembera la National Registration Act la 2010. Mfumu yomwe inadinda nayo imalowa m'madzi, pomwe dobadoba uja ndalama anadya kale ndipo foni yake siyikupezeka. Tiyerekeze kuti mwayi wakugwerani, khadi latuluka. Limbani ameneyo ndi munthu wopanda mbiri. Sanalembe mayeso a MSCE, alibe akaunti, sanagwirepo ntchito kulikonse, ndalama za penshoni zomwe abwana anu akhala akudula si zake, ndipo pasatifiketi yobadwira ya mwana wanu bambo wake ndi munthu wina. Tsiku lililonse mudzakhala mukusankha kuti lero nditulutse khadi liti. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Njira ya lamulo ndi yochedwa, koma imakusiyani muli munthu mmodzi yemweyo, ndi zonse zomwe munakhetsera thukuta zili m'manja mwanu.

Musanapite kwa bwanamkubwa, kwerani minibasi mupite ku Namwera. Lamulo silikufuna chilolezo cha mayi, ndinu wamkulu. Koma pempho losintha dzina limalengezedwa poyera, ndipo sindikufuna kuti mayi adzamve nkhaniyi pachitsime kapena pamaliro kuchokera kwa munthu amene wawerenga nyuzipepala. Mayina ngati Mavuto, Masautso, Chisoni, Maliro ndi Ndaziona makolo sankapereka pofuna kutemberera mwana. Mayi amene waika ana awiri m'manda amakhala alibe polembera chisoni chake, ndiye amachilemba padzina la mwana wotsatira. Ena ankakhulupiriranso kuti dzina losakoma limachititsa kuti imfa imulambalale mwanayo. Kwa mayi anu, dzina la Mavuto likhoza kukhala chikumbutso chokhacho cha abale anu awiri aja. Mukangolichotsa mwakachetechete, akhoza kumva ngati mwafufuta anawo. Yambani mwauza amalume, monga mwini mbumba, kuti akuperekezeni. Mukakhala pamphasa musayambe ndi mawu oti dzinali ndimadana nalo. Afunseni kaye mayi za ana awiriwo, mayina awo, momwe zinakhalira. Kenako anene amalume kapena inu nomwe kuti mwana uja anapulumuka, wakula, ali ndi banja, ndipo akupempha kuti anyamule dzina logwirizana ndi moyo womwe Mulungu wamupatsa. Mayi ambiri akafikiridwa motere amavomera. Ndipo akapitiriza kukuitanani kuti Mavuto mpaka tsiku lawo lomaliza, muziyankha. Gazette, nyuzipepala ya boma momwe kusintha dzina kumalengezedwa, siyilamula pakamwa pa mayi wobereka.

Pa ulendo womwewo ganizirani bwino dzina lonse lomwe mukufuna, chifukwa iyi si njira yoti muziyenda kawirikawiri. Pali zotheka ziwiri. Mungachotseretu Mavuto, kapena mungaike Limbani patsogolo n'kusiya Mavuto pakati. Kuwonjezera dzina nakonso ndi kusintha, kumadzera khomo lomwelo, koma kumafewetsa zambiri pambuyo pake. Aliyense woona satifiketi ya MSCE ndi chiphaso chatsopano amaona yekha kuti ndi munthu mmodzi, dzina la mwana wanu limagwirizanabe ndi lanu, ndipo mayi samva kuti mwataya mphatso yawo. Dzina lapakati salitchula munthu pamsewu. Kumbukiraninso kuti dzina lachisoni silitsekera munthu njira. Henry Masauko Chipembere, mwana wa kuno yemwe anali phungu wa Fort Johnston komanso nduna ya maphunziro mu 1964, ananyamula dzina lotero, ndipo lero msewu waukulu wa mumzinda wa Blantyre umatchedwa dzina lake. Ine ndikadakonda njira yosiya Mavuto pakati, makamaka chifukwa cha mwanayo. Koma wonyamula dzinali ndinu. Ngati kungoliona papepala kumakulasani mumtima, lichotseni, muli ndi ufulu wopempha zimenezo. Chomwe mwasankhacho chilembeni papepala ndi zilembo zikuluzikulu, mayina onse motsatana bwino, ndipo fomu iliyonse muzikopera pamenepo. Limbani pano, Limbanie apo, ndiye kuti mwadzipangira vuto latsopano.

Mukabwerako, pitani ku ofesi ya bwanamkubwa ku boma mukanene kuti mukufuna kupempha chilolezo chosinthira dzina. Lankhulani ndi wogwira ntchito amene wakhala padesiki mkati mwa ofesi, osati wokulonjerani panja pansi pa mtengo. Tengani chiphaso cha unzika, pasipoti, satifiketi ya MSCE, satifiketi yobadwira ngati muli nayo, ndi zithunzi zing'onozing'ono za nkhope. Tengani kalata ya amfumu a kwanu yotsimikiza kuti amakudziwani, ndipo ndi bwino kukhalanso ndi ya abwana anu yonena kuti kuntchito mumadziwika kuti Limbani. Konzekerani kuti angakutumizeni kupolisi kukadinda zala kuti zioneke ngati muli ndi mlandu, komanso kukalumbira pa zomwe mwalemba. Pepala lililonse lijambulitseni mafotokope, ndipo lenilenilo musalisiye m'manja mwa munthu popanda chifukwa. Ndalama iliyonse yomwe boma likufuna ilipireni kwa kashiya n'kulandira lisiti ya boma, ija amati GR. Wina akakuuzani kuti muonjezere kangachepe ka m'manja kuti fayilo iyende msanga, chimenecho ndi chiphuphu, ndipo wopereka naye amakhala wolakwa pamaso pa lamulo.

Pafomu padzakhala malo oti mulembe chifukwa. Anthu ambiri amachita mantha pamenepa n'kuyamba kupeka nkhani, poganiza kuti chifukwa chawo chenicheni ndi chopepuka. Wina amanama kuti wasintha chipembedzo, wina kuti dzinalo linali la bambo omupeza. Musatero. Kunama molumbira ndi mlandu, ndipo choonadi chanu ndi chokwanira. Mungalembe motere: "Dzina la Mavuto ndinapatsidwa chifukwa cha maliro omwe anagwa m'banja mwathu ndisanabadwe. Dzinali limandipweteka mumtima. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikudziwika kuti Limbani kunyumba ndi kuntchito, ndipo ndikupempha kuti mapepala anga agwirizane ndi dzina lomwe anthu amandidziwa nalo." Mawu ochepa otero, oona okhaokha, amamveka bwino kuposa masamba awiri odandaula.

Pempho likalandiridwa, dzina lakale ndi latsopano zimalengezedwa kuti aliyense amene ali ndi chifukwa chotsutsira apeze mpata wonena. Imeneyi ndiyo nthawi yomwe wokongoza ndalama kapena mayi wosiyiridwa ana amatha kudzutsa dzanja. Popanda wotsutsa, ndipo akuluakulu akakhutira, chilolezo chimatuluka cholembedwa ndipo kusinthako kumalowa mu Gazette, nyuzipepala ya boma yolengezera zinthu za malamulo. Chilengezo chilichonse chomwe chatuluka munyuzipepala, gulani nyuzipepalayo musunge tsamba lonse. Musadule kabokosi kokhala ndi dzina lanu kokha, chifukwa tsiku ndi dzina la nyuzipepala zimakhala pamwamba pa tsamba, ndipo popanda zimenezo kapepalako si umboni. Konzekerani kudikira miyezi. Fayilo imachoka ku Mangochi kupita ku Lilongwe, imadutsa m'manja ambiri. Lembani tsiku lomwe mwapereka pempho ndi nambala ya fayilo, muzipita kukafunsa mwaulemu nthawi ndi nthawi. Nthawi yonse yodikirayi, pafomu iliyonse ya boma, yakubanki kapena yakuntchito ndinu Mavuto.

Chilolezo chikafika m'manja, ambiri amaganiza kuti afika, pomwe ntchito yeniyeni ndi pamene ikuyamba. Palibe ofesi yomwe idzauze inzake m'malo mwanu. Yambani ndi NRB, chifukwa maofesi ena onse amatsatira chiphaso cha unzika. Kumeneko simukulembetsa mwatsopano, mukupempha kuti asinthe dzina pa mbiri yanu yomwe ilipo kale ndi kukusindikizirani khadi lina. Khadi likatuluka, pitani nalo kubanki pamodzi ndi chilolezo chija, kenako kukampani ya foni kuti simukhadi ndi akaunti ya Airtel Money kapena Mpamba zisinthe. Uzani abwana anu molemba kalata kuti asinthe m'buku la malipiro ndi ku kampani yosunga penshoni yanu. Ngati muli ndi nambala ya msonkho ku MRA kapena laisensi yoyendetsera galimoto, nakonso pitani, ndipo nthawi ya kalembera wa zisankho mukaonetsetse kuti dzina lili m'kaundula wa MEC ndi latsopanolo. Zonsezi zichiteni mothinana, mwezi umodzi kapena iwiri. Nthawi yomwe mapepala ena ali m'dzina lakale, ena m'dzina latsopano, ndiyo nthawi yomwe ndalama zimakanirira m'akaunti.

Satifiketi ya MSCE ndi nkhani ina. Musayembekeze kuti a MANEB ku Zomba akusindikizirani ina ya Limbani. Satifiketi imanena za munthu amene analowa m'chipinda cha mayeso chaka chimenecho, ndipo munthuyo anali Mavuto. Siyitha mphamvu ayi. Chofunika ndi chakuti kulikonse komwe mukuipereka, pofunsira ntchito kapena malo kukoleji, izipita limodzi ndi fotokope ya chilolezo yotsimikizidwa ndi chidindo cha majisitireti kapena loya, ndipo m'kalata yofunsirayo muzinena nokha kuti kale munkadziwika ndi dzina lakuti. Musadikire kuti akufunseni, chifukwa wosankha anthu ntchito akaona mayina osiyana popanda kufotokoza amangoganiza kuti satifiketiyo ndi yobwereka. Pachifukwa chimenechi chilolezo chija ndi pepala lomwe mudzalifuna moyo wanu wonse, ndipo ana anu adzalifuna inu mutapita. Likulungeni m'pulasitiki muliike pamalo okwera, poti kuno chiswe ndi madzi osefukira zawononga mapepala a anthu ambiri. Lijambuleninso pafoni, ndipo fotokope imodzi mukasungitse kwa m'bale wodalirika.

Dziwaninso kuti dzina latsopano silifufuta chilichonse chomwe Mavuto anachita kapena kulonjeza. Ngongole yakubanki, ya banki m'khonde, ndalama zothandizira mwana, mgwirizano wa lendi, umboni womwe munasainira, zonse zimamutsata Limbani. Ubwino wake ndi wakuti zabwino nazo zimamutsata. Ngati muli ndi munda kapena puloti, auzeni amfumu pamaso pa mboni kuti mwini wake ndi yemwe uja koma dzina lasintha, ndipo ngati pali lizi kapena pepala lililonse la ku ofesi ya malo, kalisinthitseni. Onaninso mafomu omwe anthu ena anakulembani ngati wodzalandira, monga penshoni ya akazi anu kapena wilu ya m'bale. Milandu ya chuma cha masiye, yomwe imayendera lamulo la 2011, imavuta kwambiri pomwe malemu anasiya mapepala a mayina awiri popanda chowalumikiza. Wamasiye amayenda miyezi akufunafuna umboni woti mwamuna wake anali munthu mmodzi, pomwe ana akusowa fizi. Musawasiyire akazi anu mtolo umenewo.

Kusintha kwanu sikusintha dzina la akazi anu kapena la mwana. Akazi anu ali ndi ufulu wawo: lamulo la maukwati la 2015 limalola mkazi kusunga dzina la kwawo, kugwiritsa ntchito la mwamuna, kapena onse awiri. Za mwanayo ndiye zofunika kuziganizira mofatsa. Kuno kwathu ana ambiri amatenga dzina loyamba la bambo kukhala lawo lomalizira, ndiye bambo akasintha, mwana amatsala ndi dzina lomwe bambo alitaya. Malamulo aakulu a dziko lino, mu gawo 23, amati mwana aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi dzina lake ndi dzina la banja. Dzinalo tsopano ndi lake, anzake ndi aphunzitsi amamudziwa nalo, ndipo kulisintha kumafuna pempho lakelake lomwe makolo nonse awiri mwagwirizana. Mukhoza kumusiya momwemo, palibe lamulo lomwe limati mwana ndi bambo azifanana dzina, bola chilolezo chanu chizisungidwa pamodzi ndi satifiketi yake yobadwira. Koma mukagwirizana ndi mayi ake kuti naye asinthe, chitani panopa adakali sitandade 3. Akangolembetsa mayeso a sitandade 8, dzina lomwe lalowa m'kaundula wa mayeso ndilo limamutsata mpaka folomu 4, ndipo adzakhala ndi ntchito yomweyi yomwe inu muli nayo lero ndi satifiketi yanu. Mufunseninso mwanayo. Wa sitandade 3 amadziwa ngati dzina lake limamusangalatsa kapena ayi.

Zikachitika kuti akukanirani, musangobwerera kunyumba ndi mawu apakamwa. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu ufulu wouzidwa zifukwa molemba pamene ofesi ya boma yapanga chiganizo chokhudza ufulu wake. Pemphani kalata yofotokoza. Nthawi zambiri chifukwa chimakhala chokonzeka, monga pepala lomwe likusowa kapena mayina omwe sakugwirizana m'mapepala anu akale. Fayilo ikangokhala chete kwa nthawi yaitali popanda yankho, lembani kalata yokumbutsa n'kusunga kope, ndipo zikakanika mukhoza kukadandaula ku ofesi ya Ombudsman, komwe salipiritsa.

Ulendo wa ku Joni ndiwo ukuyenera kukuuzani nthawi yoyambira. Pasipoti imatsatira chiphaso cha unzika, ndiye dzina likasintha muyenera kupempha pasipoti ina ku Immigration ndi kulipira monga aliyense. Choopsa ndi kunyamuka zinthu zili pakatikati, chiphaso chili Limbani, pasipoti ili Mavuto. Pachipata cha Mwanza kapena Dedza mwina mudutsa, poti amayang'ana pasipoti yokha, koma mavuto amadza muli kutali. Ndalama zomwe mukutumiza kudzera ku Mukuru kapena kubanki zimafuna kuti mayina agwirizane ndi ziphaso. Pasipoti ikatayika kapena kutha muli komweko, oimira dziko lathu adzafuna kuona kuti ndinu yemwe ali m'kaundula wa kuno. Ndipo mabanja ambiri a ku Namwera, Makanjira ndi Katuli akudziwa momwe kubweretsa thupi la m'bale kuchokera ku South Africa kumavutira ngakhale mapepala ali bwinobwino. Ngati mwatsimikiza zonyamuka chaka chamawa, yambani pempholi mwezi uno, ndipo tikiti ya basi musagule mpaka chiphaso ndi pasipoti zonse zitatuluka m'dzina limodzi. Ngati ulendowo sungadikire, pitani monga Mavuto ndi mapepala anu onse ogwirizana momwe alili, pempholo mudzalipereke mukadzabwerako.